Kuitanitsa akunyumba ku UK: yambani ndi payslip

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Leicester, ndipo mu 2025 ndinaitanitsa amuna anga kuchokera ku Zomba pa viza ya banja. Chibwerereni iwo, foni yanga sipuma. Wina akufuna kudziwa kuti atumize zithunzi zingati za ukwati, wina akufunsa ngati asindikize mauthenga onse a pa WhatsApp a zaka zitatu. Ndi ochepa amene amayamba ndi funso la malipiro, chonsecho anzanga amene ndawaona akukanidwa anagwera pomwepo, pa ndalama ndi pa madeti.

Munthu wa ku Home Office, unduna wa kuno woona za olowa m'dziko, amene adzatsegule fayilo yanu sadzakuonani, sadzamva m'mene mumaimbirana usiku, ndipo ankhoswe anu sawadziwa. Ali ndi malamulo otchedwa Appendix FM, ndi mnzake Appendix FM-SE amene amatchula pepala lililonse lofunika, zimene lizinena, ndi kuti lisapitirire masiku angati. Ntchito yake n'kuchonga. Ndiye inu konzekani ngati munthu amene akukachongedwa.

Kodi khomo limeneli ndi lanu?

Viza imene ndikunenayi imatheka ngati wa kunoyo ndi nzika ya Britain kapena Ireland, kapena ali ndi chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale, chimene timangoti ILR. Nonse awiri mukhale a zaka 18 kapena kuposa, ndipo mukhale kuti munakumanapo pamaso. Ngati muli pa viza ya ntchito, Skilled Worker kapena Health and Care Worker, njira yanu ndi ina: mnzanuyo amabwera ngati dependant, kutanthauza wodalira viza yanu, ndipo malamulo ndi mitengo yake n'zosiyana ndi zimene ndilembe pano. Dziwaninso kuti kuyambira pa 11 Malichi 2024, amene akulowa kumene pa viza ya care worker saloledwa kubweretsa banja. Ophunzira nawo anawatsekera mu Januwale 2024, kupatula a maphunziro a kafukufuku monga PhD ndi amene akulipiriridwa ndi boma.

Pali nzeru ina imene imayenda m'magulu athu, yakuti "abwere kaye ngati mlendo, zinazo tikasinthira konko." Ayi ndithu. Wobwera pa viza ya alendo sangasinthire ku viza ya banja ali kuno. Ayenera kubwerera n'kukafunsira kumudzi. Ilipo viza ya anthu otomerana, ya miyezi 6, yoti abwere mudzamangire ukwati kuno. Koma ali pa viza imeneyo sagwira ntchito, ndipo ukwati ukatha mumalipiranso fomu ina. Ine ndinaona kuti kumangira ukwati kumudzi n'kotchipa, ndiponso makolo amadyako.

Ndalama

Kuyambira pa 11 Epulo 2024, woitanitsa ayenera kuonetsa kuti amapeza £29,000 pachaka asanadulidwe msonkho. Kuchokera mu 2012 chiwerengerocho chinali £18,600, n'chifukwa chake achimwene ndi achemwali amene anaitanitsa kalekale akakuuzani kuti "n'zosavuta, ine ndinangopereka basi," muziwamvera ndi khutu limodzi. Iwo anadutsa chitseko chili chotsegula.

Taonani masamu ake. Malipiro otsikitsitsa a munthu wamkulu kuyambira Epulo 2025 anali £12.21 pa ola. Pa mtengo umenewo, mukagwira maola 37.5 pa sabata chaka chonse, mupeza ndalama zongopitirira pang'ono £23,800. Simunafike. Pa malipiro amenewo mufunika maola pafupifupi 46 sabata iliyonse, osadumpha. Ambiri a ife a m'nyumba za okalamba, m'mawarehouse ndi m'mafakitale tili pamenepa, ndiye ovataimu ndi ntchito yachiwiri ndizo zimatipulumutsa. Ntchito ziwiri amalola kuziphatikiza, bola iliyonse ikhale ndi mapepala ake okwanira.

Njira yophweka ndi ya munthu amene wakhala kwa bwana mmodzi miyezi 6 kapena kuposa. Ngati muli pa salale yokhazikika, amatenga salale yotsikitsitsa imene munali nayo m'miyezi 6 imeneyo n'kuiwerengera chaka. Ngati mumalipidwa pa ola ndipo maola amasinthasintha, ngati ine, amaphatikiza zonse za miyezi 6, kugawa ndi 6, kuchulukitsa ndi 12. Mwachidule, miyezi 6 ikupatseni £14,500 kapena kuposa msonkho usanadulidwe. Ine ndinalemba chiwerengero chimenechi papepala n'kumata pa fuliji, ndipo payslip iliyonse ikabwera ndinkachotsera. Mwezi umene ndinadwala chimfine n'kujomba mashifiti angapo, ndinadziwa nthawi yomweyo kuti mwezi wotsatira ndigwira Lamlungu lililonse.

Mukasintha ntchito m'kati mwa miyezi 6 imeneyi, mwadzionjezera katundu. Pamenepo amafuna zinthu ziwiri: ntchito yatsopanoyo ikhale yofika £29,000 pachaka, komanso muonetse kuti m'miyezi 12 yapitayi munapezadi £29,000. Choncho ngakhale bwana wina akukopeni ndi kakobiri kowonjezera, dikirani fomu ilowe kaye. Odzilemba okha ntchito, monga oyendetsa matakisi ndi operekera katundu, nkhani yawo ndi ya chaka chonse cha msonkho ndi mapepala a HMRC, bungwe la msonkho la kuno, ndipo amenewo ndimawauza kuti apeze akauntanti.

Chimene chimapweteka anthu ambiri n'chakuti malipiro a amene ali kumudziyo sawerengedwa. Amuna anga anali pa ntchito ya uphunzitsi ndipo ankalandira mwezi ndi mwezi, koma pa fomuyi salale yawo inali ziro. Ngakhale atalonjezedwa ntchito kuno, lonjezolo silowerengedwa pa ulendo woyamba.

Ndalama zosunga zimathandiza, koma zimayamba kuwerengedwa zikapitirira £16,000. Tengani zimene zikuperewera pa malipiro anu, chulukitsani ndi 2.5, onjezani £16,000. Wopeza £25,000 akuperewera £4,000, ndiye afunika £26,000 m'banki. Wopanda malipiro n'komwe afunika £88,500. Ndalamazo zikhale mu akaunti ya dzina lanu, la mnzanuyo, kapena ya nonse awiri, kwa miyezi 6 yathunthu osatsika ngakhale tsiku limodzi, ndipo mufotokoze kumene zinachokera. Mphatso yochokera kwa achibale amalola ngati ndi mphatsodi ndipo yakhala m'manja mwanu miyezi 6 yomweyo. Ngongole ayi. Za chipereganyu zimene zagwa mu akaunti sabata yatha sizikuthandizani, ndipo za banki mkhonde zimene zili m'kabokosi kwa msungichuma sazidziwa n'komwe. Makwacha a kubanki ya kumudzi amawasintha pa mtengo wa tsiku lopereka fomu wa pa OANDA, webusaiti yosonyeza mitengo yosinthira ndalama, ndipo aliyense amene anaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akudziwa kuti mamiliyoni athu akawasandutsa mapaundi amatsala ochepa bwanji.

Amene amalandira thandizo la boma chifukwa cha ulumali kapena chifukwa chosamalira wodwala, monga PIP kapena Carer's Allowance, lamulo la £29,000 siliwakhudza. Iwo amangoonetsa kuti akalipira nyumba amatsala ndi zokwanira kusamalira banja.

Mapepala a malipirowo ndi atatu, ndipo ayenera kulankhula chinthu chimodzi. Mapayslip a miyezi 6. Masitetimenti a kubanki a miyezi yomweyo, osonyeza malipirowo akulowa. Kalata ya abwana yapapepala la kampani, yonena ntchito yanu, malipiro a pachaka, kuti munayamba liti, mwakhala pa malipiro amenewo kuyambira liti, ndiponso ngati ntchitoyo ndi yokhazikika, ya kontirakiti kapena ya kuejensi. Kalata yongoti "amagwira ntchito kuno ndipo ndi wakhama" ibwezeni akalembenso. Ine ndinawalembera a ku ofesi mfundo zonsezo papepala kuti angodzaza.

Kenako khalani pansi ndi cholembera chopaka mtundu, payslip kumanzere, sitetimenti kumanja. Ndalama imene yalembedwa pansi pa payslip ipezeke mu sitetimenti mpaka kakobiri komaliza. Kwa ine mwezi umodzi sunagwirizane: akampani anaiwala mashifiti awiri a usiku, n'kudzawalipira padera patapita masiku, moti payslip inanena chiwerengero chimodzi pamene kubanki kunalowa ziwiri. Kuphatikiza ziwirizo zinkakwana, koma sindinafune kuti mlendo wotopa amene ali ndi mafayilo ena patebulo aziganizira yekha. Ndinapempha abwana awonjezere ndime yofotokoza mwezi umenewo m'kalata ija. Amene mumalandira malipiro pamanja, dziwani kuti ndalama imene sinadutse kubanki kwa iwo kulibe.

Ndiye pali lamulo la masiku 28. Payslip yomaliza, sitetimenti yomaliza ndi kalata ya abwana zisakhale zakale kuposa masiku 28 pa tsiku lopereka fomu. Tsiku lopereka fomu ndi tsiku limene mwaitumiza pa intaneti n'kulipira. Ambiri amaganiza kuti ndi tsiku lokadinda zala, n'kuwerenga molakwika.

Ukwati ndi pepala lake

Britain imavomereza ukwati umene uli wovomerezeka m'dziko limene unachitikira. Lamulo lathu la maukwati la 2015, Marriage, Divorce and Family Relations Act, limazindikira ukwati wa kuboma, wa chipembedzo ndi wachikhalidwe. Vuto n'lakuti chinkhoswe chimasiya zithunzi, ngongole ndi nkhuku zodyedwa, koma sichisiya pepala. Pezani satifiketi ya boma. Ngati munakwatirira kutchalitchi kapena kumzikiti, funsani ngati ukwatiwo unakalembetsedwa kuboma, ndipo ngati pali chikaiko pitani kwa DC kapena ku ofesi ya Registrar General mukafunse musanalipire kalikonse kuno. Amene mukupita kumudzi pa tchuthi chachifupi kukamanga ukwati wa kuboma, kumbukirani kuti chidziwitso cha ukwati chimayenera kukhala masiku 21 chisanaperekedwe chilolezo. Mnzanuyo akayambitse zimenezi inu musanakwere ndege.

Amene anakwatirapo kale aonetse kuti ukwati woyambawo unatha: chikalata cha kukhothi, kapena satifiketi ya imfa. Ku England chikalata chomaliza cha chisudzulo masiku ano chimatchedwa final order. Apa tisanamizane, abale anga. Ambiri tili ndi maukwati akale a kumudzi amene anangotha ndi mawu, mkazi n'kubwerera kwawo, osafika kukhothi. Konzani zimenezo poyamba. Pa mitala napo, khomo ili sililola kubweretsa mkazi wina ngati mmodzi analowa kale kuno.

Chinthu china chimene chimatigwetsa ife a ku Malawi ndi mayina. Tengani pasipoti, chitupa cha unzika, satifiketi ya ukwati ndi mapepala a kusukulu, muziyale pamphasa n'kuwerenga chilembo ndi chilembo. Pena dzina lili ndi h, pena lilibe. Pena tsiku lobadwa ndi 6 Julayi, pena 7 Juni, chifukwa wina anatembenuza manambala. Pena dzina la ubatizo lili patsogolo, pena lasowa. Amuna anga dzina lawo lapakati linali pa pasipoti koma osati pa satifiketi ya ukwati, ndipo anakalumbira kwa loya kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi. Ngati pasipoti yatsala pang'ono kutha, yambani ndi imeneyo, chifukwa mayeso a Chingerezi, a TB ndi fomu yomwe, zonse zimalembedwa pa nambala ya pasipoti.

Za umboni wa chikondi sinditaya nthawi, chifukwa apa ndi pamene anthu amachita mopitirira. Popeza simukhala limodzi, onetsani kuti mumalankhulana, mumathandizana ndipo mumaonana. Zidindo za pabwalo la ndege la Kamuzu kapena Chileka mu pasipoti yanu, matikiti a ndege, malisiti a Mukuru kapena WorldRemit a miyezi yosiyanasiyana, masamba ochepa osonyeza mafoni amene mwaimbirana, zithunzi khumi kapena khumi ndi ziwiri za nthawi zosiyana, zina muli ndi makolo a mbali zonse. Basi. Chilichonse chimene sichili m'Chingerezi kapena m'chinenero cha ku Wales chimafunika womasulira wovomerezeka, wolemba dzina lake, deti, siginecha ndi kumene angapezeke. Ndiye amene akufuna kutumiza masamba 300 a macheza a Chichewa aganize kaye mtengo wake, komanso aganize ngati akufunadi kuti mlendo awerenge zonse zimene amalemberana usiku. Mndandanda wa mafoni sufuna womasulira. Ine ndinawonjezera kalata ya tsamba limodzi yofotokoza kumene tinakumana, ukwati unali liti, ndi kumene tidzakhale.

Nyumba isakhale yothinana mopitirira lamulo, ndipo mukhale ndi chipinda chanuchanu. Perekani pangano la lendi ndi kalata ya landilodi yovomera kuti munthu wachiwiri adzakhalamo. Ngati mukukhala kwa achibale, iwo alembe kalata ndi kuonetsa kuti nyumbayo ndi yawo kapena kuti eni ake alola.

Chingerezi ndi chifuwa

Malawi sili pa mndandanda wa mayiko amene Home Office imawatenga ngati olankhula Chingerezi. Jamaica ilipo, Canada ilipo, ife ayi, ngakhale timaphunzira m'Chingerezi kuyambira kupulayimale. Choncho wobwerayo alembe mayeso olankhula ndi kumva a mlingo woyambirira wotchedwa A1, pamalo ovomerezeka ndi Home Office. MSCE sithandiza, ngakhale ikhale ndi 1 pa Chingerezi. Dipuloma sithandiza. Digiri yophunzitsidwa m'Chingerezi imathandiza ngati bungwe la Ecctis latsimikiza kuti ikufanana ndi digiri ya kuno.

Amuna anga ali ndi dipuloma, ndipo nkhaniyi inawapsetsa mtima. "Mayi, ine ndimaphunzitsa Chingerezi Fomu 3, ndiye munthu akandifunse dzina langa ndi zimene ndadya m'mawa?" Ndinati, "Abambo, kayankheni, mukamuuze kuti munadya mbatata." Mayeso a IELTS Life Skills ndi a mphindi zosakwana 20 pa A1, mumakhala awiri olemba ndi woyesa mmodzi, kucheza basi, ndipo zotsatira zake ndi kukhoza kapena kulephera. Amene Chingerezi chake chili bwino alembe mlingo wokwererapo wa B1 m'malo mwa A1, chifukwa satifiketi yomweyo idzagwiranso ntchito pokonzanso viza kuno. Polembetsa onetsetsani kuti ndi mayeso a UKVI, nthambi ya Home Office yoona za viza. IELTS wamba ya kusukulu, ngakhale ndi yovuta kuposa, saivomera. Satifiketi imagwira ntchito zaka 2.

Malawi ili pa mndandanda wina, wa mayiko amene anthu ake ayenera kuyezedwa TB. Kuyezetsa kwake ndi pa chipatala chokhacho chimene chalembedwa pa GOV.UK, webusaiti ya boma la kuno; pepala la chipatala china, chingakhale chachikulu bwanji, n'kutaya ndalama. Amajambula m'chifuwa, ndipo zikakhala bwino amapereka satifiketi ya miyezi 6 kuchokera tsiku lojambula. Akaona kanthu kokayikitsa, ngakhale chipsera cha matenda akale, amatenga makhololo, ndipo zotsatira zake zimatha kutenga miyezi iwiri. Amene anadwalapo TB anyamule mapepala a chithandizo chake ndipo apite msanga. Mayi woyembekezera auze adokotala, pali njira zina zimene amamupatsa kuti asankhe.

Poona kuti pepala lililonse lili ndi moyo wake, dongosolo lake lili ngati la kukhitchini: nyemba zimakhala pamoto poyamba, nsima pomaliza kuti isazizire. Pasipoti, satifiketi ya ukwati ndi kukonza mayina ziyambe. Chingerezi chitsatire, poti chimakhala zaka 2 ndipo ngati walephera pali mpata wobwereza. M'menemo miyezi 6 ya mapayslip ikuyenda. TB ikhale mwezi wachinayi kapena wachisanu. Payslip yachisanu n'chimodzi ikangofika, tengani sitetimenti ndi kalata ya abwana sabata yomweyo, n'kupereka fomu.

Fomu ndi malipiro ake

Fomu ili pa GOV.UK ndipo imadzazidwa m'dzina la wobwerayo. Ife tinaidzaza limodzi pa foni, ine pa kompyuta kuno, iwo ali ndi pasipoti m'manja ku Zomba, ndipo magetsi atazima kumeneko tinasunga n'kudzapitiriza mawa lake. Imafunsa maulendo a zaka 10 zapitazo, milandu, komanso ngati munakanizidwapo viza, kubwezedwa pachipata kapena kuthamangitsidwa m'dziko lina lililonse. Mawu akuti lina lililonse awerengeni kawiri. Amene anapyola masiku ku Joni n'kudindidwa pa Beitbridge anene. Amene anakanizidwa viza ya alendo ya kuno zaka zapitazo anene, chifukwa zala zake ali nazo kale mu kompyuta. Kukanizidwa kwakale pakokha sikutseka khomo la banja, koma kubisa kumasanduka mlandu wa chinyengo umene umakutsatani pa fomu iliyonse ya m'tsogolo.

N'chifukwa chake madobadoba a viza ndimadana nawo. Amakulonjezani payslip yokonza ndi sitetimenti yofufuma, amatenga ndalama, ndipo Home Office ikaimbira foni kukampani kapena kufunsa ku HMRC, dzina loipa limakhala lanu. Kuno munthu wopereka uphungu wa za viza ayenera kukhala loya wovomerezeka kapena wolembetsedwa ku Immigration Advice Authority, imene kale inkatchedwa OISC, ndipo mutha kufufuza dzina lake pa intaneti. Nkhani yowongoka mutha kuichita nokha, ngati m'mene ndinachitira ine. Ya chisudzulo chosokonekera, milandu, bizinesi kapena ana, lipirani katswiri.

Za ana ndinenepo pang'ono. Mwana wa nonse awiri wosakwana zaka 18 amabwera ndi kholo lake pa fomu yakeyake ndi malipiro akeake, ndipo ngati wa kunoyo anali kale nzika ya Britain pamene mwanayo ankabadwa, fufuzani kaye, mwina mwanayo ndi nzika kale ndipo akungofunika pasipoti. Mwana wa ukwati woyamba ndiye nkhani yovuta, chifukwa amafuna umboni wakuti kholo lobweralo ndilo lokha limene limalamula za moyo wa mwanayo: sukulu, chipatala, kumene akhale. Kulera kwathu kwa tonse, kumene agogo, azakhali ndi amalume onse ali ndi mawu, malamulo amenewa sakumvetsa.

Mtengo wa fomu kuyambira Epulo 2025 unali £1,938. Pamwamba pake pali ndalama ya chipatala, IHS, £1,035 pachaka kuyambira Febuluwale 2024. Viza ndi ya zaka 2 ndi miyezi 9 koma amawerengera zaka 3, ndiye £3,105. Zonse pamodzi zinali £5,043 pa tsiku limodzi, tisanawerenge mayeso, TB, maulendo a ku Lilongwe ndi tikiti ya ndege. Mitengoyi imakwera kawirikawiri, makamaka mu Epulo, choncho onaninso pa GOV.UK sabata yolipira. Lipirani ndi khadi ya kuno. Ndi m'mene ndalama zakunja zikusowera kwathu, khadi ya kumudzi ingakusiyeni panjira. Ndipo iuzeni banki yanu, ingaone ngati mbava n'kutseka khadi fomu ili pakati.

Mukalipira mumasankha tsiku lokadinda zala ndi kujambulidwa nkhope ku ofesi yolandira mafomu a viza ku Lilongwe. Mapepala mutha kuwakweza nokha pa intaneti tsikulo lisanafike. Ine ndinawasanja kuno, fayilo iliyonse ndi dzina lomveka, monga payslip ya mwezi wakuti, sitetimenti ya mwezi wakuti, masamba oongoka ndi owerengeka. Chithunzi cha pepala chojambulidwa pabedi, chala chikuoneka pakona, chijambuleninso.

Akatero n'kudikira. Nthawi imene amalonjeza ndi masabata 12 kuchokera tsiku lodinda zala. Pali njira yachangu ya £500 yoti ayankhe m'masiku 30 ogwira ntchito, kumene ikupezeka; imafulumizitsa yankho koma silisintha. M'nyengo imeneyi wa kumudzi asasiye ntchito, asagulitse katundu, asatsanzike kutchalitchi. Wa kuno asasiye ntchito imene analemba pa fomu. Tikiti musagule. Onani imelo tsiku ndi tsiku, ndi ku spam komwe, chifukwa nthawi zina amapempha pepala lowonjezera n'kupereka masiku ochepa.

Akakana, kalata imanena ndime imene mwalephera. IHS amabweza, ya fomu sabweza. Muli ndi ufulu wochita apilo ku khothi lotchedwa First-tier Tribunal m'masiku 28, koma apilo imatenga miyezi yambiri. Ngati cholakwika ndi pepala losowa kapena deti lopyola, kawirikawiri kupereka fomu yatsopano n'kwachangu, ngakhale kumawawa m'thumba. Apilo ndi ya pamene iwo ndiwo alakwitsa kapena pamene nkhani yanu singakwane m'malamulo wamba.

Akafika

Ndege yolunjika kuchokera ku Lilongwe kupita ku London kulibe. Ambiri amadzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Makadi a BRP, amene ankasonyeza chilolezo chokhala kuno, anatha kumapeto kwa 2024, ndipo chilolezo tsopano ndi eVisa, chimene chimaoneka mu akaunti ya UKVI ya mwini wake. Akauntiyo ikhale pa imelo ndi foni ya wobwerayo, yolumikizidwa ku pasipoti imene akuyendera. M'menemo ndi m'mene amatenga share code, nambala yopatsa abwana ndi alandilodi kuti aone chilolezocho. Ntchito atha kuyamba nthawi yomweyo, sukulunso, kuchipatala cha NHS amapita poti IHS inalipiridwa, koma thandizo la boma ngati Universal Credit saloledwa.

Ndanena dala kuti akauntiyo ikhale m'manja mwa mwini wake. Ndamvapo amuna ena, ndi akazi omwe, akuopseza mnzawo kuti "ndinakubweretsa ndine, ndikubweza ndine," n'kumusungira pasipoti. Amene wabwera pa viza imeneyi ndipo banja latha chifukwa cha nkhanza ali ndi njira yake yofunsira ILR payekha, osadikira zaka 5 ndiponso osapempha siginecha ya womuzunzayo, ndipo pali chilolezo cha miyezi 3 chomulola kulandira thandizo la boma pamene akukonza zimenezo. Amene mwamuna kapena mkazi wake wamwalira nayenso atha kufunsira ILR. Wobwera aliyense azidziwa zimenezi asanatsike ndege.

Miyezi 30 ikamakwana mudzafunika kukonzanso viza kwa zaka zina 2 ndi theka, isanathe yoyambayo, kenako pa zaka 5 kufunsira ILR ndi mayeso a Life in the UK. Ulendo wachiwiriwu malipiro a nonse awiri amaphatikizidwa, ndiye £29,000 siopsanso. Chimene adzafune kwambiri ndi umboni wakuti mwakhala nyumba imodzi nthawi yonseyo. Sabata yoyamba yomwe lembetsani dzina la mnzanuyo pa council tax (msonkho wa khonsolo), pa bilu ya magetsi kapena ya madzi, pa pangano la lendi, kwa GP (dokotala wa m'dera lanu) ndi kubanki, zonse pa adiresi imodzi. Makalata amene akubwera m'mayina anu musataye. Sungani angapo miyezi itatu kapena inayi iliyonse, ochokera kumalo osiyanasiyana. Pa mitengo ya 2025, kukonzanso kunali £1,321 ya fomu ndi £2,587.50 ya IHS, ndipo ILR inali £3,029. Ife tinatsegula akaunti yapadera ya zimenezi mwezi umene amuna anga analandira malipiro awo oyamba, ndipo timaikamo £130 mwezi uliwonse.